Lole ya pa miyala yomwe inkamwa dizilo

Sabata zitatu zapitazi m'kalasi mwathu mwa akauntingi takhala tikukambirana za chinyengo cha m'makampani, ndipo ine phunziroli landikhala pakhosi ngati munga wa batala. Timaphunzira madzulo, ambiri tikaweruka kuntchito, mvula ya Mzuzu ikumenya malata mpaka aphunzitsi kuchita kukuwa. Anzanga ankangolemba. Ine m'mutu munali lole ina yake.

Ndiyambe ndi ya WorldCom, chifukwa ndi yomwe inanditsegula maso. Iyi inali kampani yaikulu ya mafoni ku America, likulu lake ku Mississippi. Inkalipira makampani anzake kuti mafoni ake adutse pa mawaya awo, ndipo ndalama zotere zimayenera kuchotsedwa ku phindu la chaka chomwecho. Akuluakulu a WorldCom ankazilemba ngati agula katundu wokhalitsa, kuti zizichoka pang'onopang'ono pa zaka zambiri. Zili ngati mayi wa golosale ku Chibavi alembe lendi ya mwezi uno ngati wagula filiji. M'buku phindu lioneka lonenepa, koma m'thumba mulibe. Mayi Cynthia Cooper, yemwe ankatsogolera ofufuza mabuku a mkati mwa kampaniyo, anayamba kufukula ndi anzake ochepa, nthawi zambiri usiku anthu atapita kwawo. Mkulu wa zachuma, Scott Sullivan, anamuuza kuti ayambe wadikira. Sanadikire, anakanena kwa komiti ya bodi yoona za mabuku. Mu June 2002 zinadziwika kuti madola 3.8 biliyoni analembedwa molakwika dala, mwezi wotsatira kampani inagwa, ndipo mu 2005 bwana wamkulu Bernard Ebbers anagamulidwa zaka 25.

Chomwe sindinkadziwa n'chakuti bodzali linabadwira mu pulani ya bizinesi. WorldCom inkakula pomeza makampani ena, kuphatikizapo MCI mu 1998. Itafuna kumezanso Sprint, akuluakulu oona za mpikisano pa malonda anakana mu 2000. Chomeza chinatha, malonda a mafoni analowa pansi, koma eni masheya anali atazolowera kumva kuti zinthu zikukwera. Ndiye manambala anayenera kukwera ndithu, ndi mkono wa munthu. Aphunzitsi anatikumbutsa za Donald Cressey, yemwe m'ma 1950 anacheza ndi akaidi osolola ndalama za mabwana awo n'kupeza zinthu zitatu: vuto lomupanikiza munthu, mpata wobera, ndi chifukwa chodzitonthoza nacho. Chachitatuchi ife tili nacho kale chophikaphika: mbuzi imadya pomwe aimangirira.

Tsopano lole ija.

Chaka chatha ndinali pa atachimenti pa kampani ina yogulitsa katundu wa hosero kuno kwathu. Malo anandipezera ndi malume, kudzera mwa bambo wina wa muofesi ya zachuma, mnzawo wa kutchalitchi. Ntchito yanga inali yolowetsa malisiti mu kompyuta. Tsiku lina ndinaona kuti malisiti a dizilo a lole imodzi manambala ake ndi otsatizana, 41, 42, 43, pomwe madeti akutalikirana ndi sabata yathunthu. Filing'i siteshoni yanji yomwe imatha sabata osagulitsa kwa wina aliyense? Kalembedwe kanalinso ka dzanja limodzi, 7 wake wodula pakati. Pa nkhomaliro ndinazungulira kuseri kukaona nambala ya loleyo. Ndinaipeza ili pa miyala, matayala awiri kulibe, nkhuku itaikira mazira pansi pa mpando wa dalaivala. Koma m'mabuku inkapita ku Karonga sabata iliyonse.

Ndinawafunsa mwaulemu bambo a muofesi ya zachuma aja. "Bambo, malisiti awa ndilowetse momwe alilimu?"

Anavula magalasi, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Mwana wanga, iwe wabwera kudzaphunzira ntchito. Lowetsa. Malume ako ali bwanji, shuga uja watsika?"

Ndinalowetsa. Onse khumi ndi anayi.

M'buku lathu yankho ndi losavuta: kampani ikhale ndi nambala ya foni kapena bokosi lonenerako mwachinsinsi. Ndipo ziwerengero zikuvomereza. Bungwe la ACFE, la akatswiri ofufuza chinyengo, mu lipoti lake la 2024 linati milandu 43 pa 100 iliyonse inadziwika chifukwa wina anatsina khutu, kuposa yomwe inagwidwa ndi ma odita. Kuno kwathu lamulo la Corrupt Practices Act lili ndi gawo 51A loteteza oulula, ndipo ACB ili ndi ofesi mu Mzuzu momwe muno. Zonsezi ndinalemba bwinobwino mu notsi. Koma chinsinsi chake chiti muofesi ya anthu asanu? Malisiti aja ankadutsa m'manja mwa anthu awiri, iwo ndi ine. Kalata yopanda dzina ikanakhala ndi dzina langa pamphumi. Mzuzu ndi mudzi waukulu chabe: amene wamunenera Lachisanu ukumana naye Loweruka pa msika wa Taifa, Lamulungu ndi amene akuyendetsa mbale ya chopereka, ndipo pa maliro a kwanu ndi iye amabwereketsa galimoto yonyamula nkhuni.

Palinso vuto la mawu. Titayesa kupeza dzina la munthu woulula m'Chichewa, m'kalasi munatuluka "kazitape", "kapirikoni", "mthirakuwiri". Onse ndi otukwana. Mnzathu wina wachikulire, wa ku Rumphi, anati makolo ake anakhala nthawi ya Kamuzu pomwe kunenera munthu kunkatanthauza kumusowetsa, ndiye m'banja mwawo mwana amakula akudziwa kuti pakamwa n'potseka. Sindinamutsutse. Wina anatchula Babita Deokaran, mayi wa ku dipatimenti ya zaumoyo ku Gauteng, yemwe anakayikira malipiro a pa chipatala cha Tembisa n'kuwomberedwa pakhomo pake ku Johannesburg mu August 2021, atangotula mwana kusukulu. M'kalasi munati zii, kumangomveka mvula.

Nanga Cashgate ija ya 2013, pomwe ma odita a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa pa miyezi isanu ndi umodzi yokha, makampani akulipidwa osabweretsa ngakhale pensulo? Macheke amenewo anadutsa pa madesiki angati? Ndikukhulupirira kuti panali makalaliki ambiri omwe anaona 41, 42, 43 wawo, n'kukumbukira lendi ndi fizi ya ana.

N'chifukwa chake mu asayimenti yanga ya za kuulula chinyengo sindinalembe zambiri za kulimba mtima, ngakhale funso linkakokera komweko. Ndinalemba kuti kampani yomwe chitetezo chake chonse chili pa mtsikana wa atachimenti yalephera kale. Wovomereza kugula mafuta asakhale yemweyo wosunga malisiti. Makilomita a galimoto aziwerengedwa ndi munthu wina, wopita yekha kukayang'ana pa dashibodi. Wa zachuma azipita kutchuthi mokakamizidwa, wina akhale pa mpando wake mwezi wathunthu. Ndipo mwini bizinesi asamaike malire a malonda omwe munthu sangawafike popanda kunama, chifukwa Ebbers anayambira pomwepo. Aphunzitsi anandipatsa malikisi abwino ndithu, koma m'mphepete analemba ndi cholembera chofiira kuti ndazemba funso: nanga zonsezi zikapanda kukhalapo, iweyo ungatani? Ndakhala ndikuyang'ana mzere wofiirawo masiku anayi tsopano.

Loweruka lapitali ndinakumana nawo bambo aja pa Katoto ndikudikira kabaza. Anaimitsa galimoto, yatsopano ndithu, n'kunditenga mpaka ku Luwinga. Anafunsa za malume, anafunsa za mayeso. Kenako anati, "Nanga panopa mukuphunzira chiyani kusukuluko?"

Ndinati, "Za malisiti, bambo."

Anaseka, n'kukweza wailesi.