Chilonda chamoto chikamawawa, khungu likadali moyo

Tsopano zalowa m'mutu, anzanga. Semesita yonseyi ma degree a zilonda zamoto, magulu osonyeza kuzama kwa chilonda, amangokhala mawu oloweza, mpaka nditagwira mfundo imodzi iyi: chilonda chowawa kwambiri sindicho chozama kwambiri.

Za first degree, kupsa kwa pamwamba pokha, sindikambapo, mukuzidziwa kale. Nkhani ili pa second degree, pamene moto wapyola epidermis, khungu la pamwamba, n'kukhudza dermis, khungu la pansi pake, koma osaimaliza. Timitsempha tomva ululu tili m'menemo, sitinafe, tangotsala pamtetete. N'chifukwa chake munthu amabuula ngakhale kamphepo kokha kakadutsa pachilondapo. Pamakhala pofiira, ponyowa, ponyezimira, matuza atadzaza madzi. Dermis ikapsa yonse timitsempha tija tafa, malowo amauma gwa ngati chikopa, amayera kapena kuda, ndipo wodwala amakuuzani kuti pano sipakuwawa. Pamenepo m'pamene mtima uyenera kugunda.

Njira yomwe ndaikonda ndi yodina. Mwavala magolovesi, dinani pang'ono ndi chala, chotsani. Pakayera n'kufiiranso msanga, magazi akuyenda, ndipo chilonda chotere kawirikawiri chimapola m'masabata awiri kapena atatu. Kufiirako kukachedwa kubwerera, chalowa pansi. Kwa ine kudinaku kukuposa matebulo onse a m'mabuku athu, wotsutsa atsutse.

Ndi pamenepa pomwe za kuthira madzi pachilonda zandimvekeranso. Chilonda chimatha kupitiriza kuzama kwa maola 48 mpaka 72, chifukwa kuzungulira pomwe pafa pali khungu lomwe likhoza kupulumuka kapena kufa. Madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20 akupulumutsa limenelo, ndipo amathandizabe ngati maola atatu sanakwane. Ayezi amafinya mitsempha ya magazi, ndiye kuti mukumaliza nokha khungu lomwe limayesa kuchira. Mafuta ndi mankhwala otsukira mano, ayi. Mphete ndi wotchi zivulidwe pasanatupe, nsalu yomwe yamatirira musaikoke, matuza musaphulitse. Mukatero phimbani ndi pulasitiki yoyera yokutira chakudya, kungoyala osati kuzenga mothina. Kwa mwana, ziziritsani chilonda chokha, thupi lonse mumufunditse. Chikakhala kumaso, m'manja, kumapazi, kumaliseche kapena polumikizana mafupa, n'zakuchipatala basi, ngakhale chioneke chaching'ono.

Chomwe chikundinyong'onya n'choti m'kalasi aphunzitsi anathera nthawi yonse pa rule of nines, njira yoyezera kukula kwa malo opsa pathupi, kutiwerengetsa maperesenti mpaka mutu kuwawa, za kuzama kwa chilonda n'kungozidutsa belu litatsala pang'ono kulira. Chikhatho cha wodwala pamodzi ndi zala ndi pafupifupi 1 peresenti ya khungu la thupi lake lonse, tinamva, koma mayeso ayandikira ndipo chilonda chenicheni sitinachigwirepo.

Komanso zithunzi zambiri zomwe tinaonetsedwa n'za anthu a khungu loyera. Pa khungu lakuda kufiira kuja sikuonekera chimodzimodzi, makamaka pomwe matuza sanaphulike. Kaya kudina kwanga kuja kudzandithandiza ndikadzaima pambali pa bedi tsiku loyamba, chilonda chikusinthabe, kaya.