Białowieża, kaboma kakang'ono kam'nkhalango

Ku Poland kuli timaboma tating'ono takumudzi totchedwa gmina, ndipo kamene kamandisangalatsa ine ndi ka Białowieża, kum'mawa kwenikweni kumalire ndi Belarus, m'boma la Hajnówka m'chigawo cha Podlaskie. Anthu ake sakwana ngakhale 3,000, koma malo ndi aakulu, pafupifupi masikweya kilomita 200, ambiri mwa malowo ndi nkhalango basi, midzi ngati Budy, Teremiski ndi Pogorzelce yangokhala timadontho pakati pa mitengo.

Mkulu wa gmina amatchedwa wójt, ndipo kuyambira 2002 anthu amamuvotera okha mwachindunji. Palinso khonsolo ya makhansala 15, kenako mudzi uliwonse kapena midzi ingapo pamodzi ili ndi sołtys wake, amene mungamuyerekeze ndi a nyakwawa kwathu kuno kungoti iyeyu ufumu wake siwakumtundu ayi, amachita kusankhidwa pa msonkhano wa mudzi, akatopetsa amamuchotsa. Sukulu ya pulayimale, timisewu, madzi, zinyalala, zonsezi ndi mutu wa gmina.

Koma zasinthasintha heavy. Mu 1954 boma la chikomyunisti linathetsa ma gmina onse nkuika tizigawo tochepa totchedwa gromada, mu 1973 anawabwezeretsa, kuyambira 1975 mpaka 1998 derali linali pansi pa chigawo cha Białystok, ndipo mphamvu zenizeni zodzilamulira zinabwera mu 1990 chikomyunisti chitagwa.

Nde apa pali nkhani yomwe imandipatsa maganizo. A wójt akulamulira dera lomwe eni ake enieni nthawi zonse akhala ena. Kale mafumu a Poland ankasunga nkhalangoyi kuti azisakamo okha, mu 1795 inapita m'manja mwa Russia, mpaka mfumu ya Russia Alexander III anamangako nyumba yake yachifumu yofikiramo akabwera kudzasaka, yomwe inapsa mu 1944. Njati za ku Ulaya (bison) zakuthengo zinatheratu m'nkhalangoyi mu 1919, anachita kuyambanso kuweta zochokera kumalo osungira nyama mu 1929 nkudzazimasula mu 1952. Lero mbali ina ndi paki ya boma, ili pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse kuyambira 1979, mbali ina ndi ya dipatimenti ya nkhalango, ndiye munthu wa ku Teremiski akafuna nkhuni si ofesi ya gmina imene inganene kuti dulani apa.

Anthu ambiri kumeneko amadyera alendo obwera kudzaona njati, kubwereketsa zipinda, kuperekeza alendo m'nkhalango, kuphika. Ndiye mu September 2021 boma la ku Warsaw litatseka dera lonse lakumalire chifukwa cha anthu olowa m'dzikomo kuchokera ku Belarus, alendo analetsedwa kufikako, mabizinesi anangoti zii kwa miyezi, ndipo khonsolo ya anthu 15 ija inalibe mphamvu yotsegula ngakhale msewu umodzi. Mu 2022 anamanganso mpanda wachitsulo wotalika mamita oposa asanu kudutsa m'nkhalango momwemo, njati za ku Poland ndi za ku Belarus sizikumana, ngakhale mpanda wakale wa mbali ya Belarus unali utazilekanitsa kale.