Holo ya kanema ija tinaigawa mashopu

Tsiku limene mlonda ananditsegulira chitseko cha holo ija, chinayamba kundilonjera ndi fungo: zitosi za mileme, chinyontho, ndi nsalu zowola za mipando. Inali 11 koloko m'mawa, kunja dzuwa likuswa mtengo, koma m'katimo munali bii. Ndinayatsa tochi ya pafoni n'kuyamba kulowa, ndipo ndinangoona miyendo ikufulumira yokha. Pansi panali potsetsereka. Ndinali nditaiwaliratu zimenezi. M'ma 1980 amalume ankabwera nane m'holo yomweyi Loweruka masana kudzaonera makarate ndi mafilimu achimwenye, koma mwana saona kuti pansi papendekeka, maso amakhala pa chinsalu kutsogolo.

Kanema anatha kalekale m'menemo. Mavidiyo shoo atadzaza ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Mbayani, ndani akanakweranso minibasi kukagula tikiti m'tauni? Wailesi ya kanema ya boma itatsegulidwa mu 1999, inangomalizitsa. Mpingo wina unapempheramo zaka zingapo, wina anasungamo matumba a katundu, kenako mileme inatenga ufumu. Mwini wake anamwalira, ana ake ali ku Leicester, ku Mangalande. Ine ndinali nditagulitsa zipangizo zomangira ku Limbe kwa zaka zambiri, ndipo tsiku lililonse ndinkamva anthu akudandaula kuti m'tauni mulibe malo ang'onoang'ono ochitira bizinesi. Ndinaganiza zoitenga pa lendi ya nthawi yaitali n'kuigawa mashopu.

Choyamba chinali kwa loya, chakumapeto kwa 2022. Iye anakafufuza ku ofesi ya zamalo kuti chiphaso cha malowo chili m'dzina la ndani komanso ngati sichinaperekedwe chikole kubanki. Chikole panalibe, koma panali ngongole ya msonkho wa malo wa kukhonsolo yomwe eni ake anaisiya ikuunjikana. Tinagwirizana kuti ndiilipire ine n'kumadula pa lendi. Mgwirizano unali wa zaka 15, ndipo loya anaumirira kuti tilembe momveka kuti eni ake andilola kusintha nyumbayo, kuchititsa lendi kwa anthu ena, ndiponso kuti zimene ndimangemo zidzakhala za ndani nthawi ikadzatha. Mawu amenewa musawanyozere. Popanda kalata ya mwini malo, mapulani anu sapita patali.

Apa ndi pamene ndinadya phula chifukwa chosafunsa. Makiyi atangolowa m'thumba ndinalemba aganyu asanu ndi mmodzi, tinazula mipando yonse, ndipo tsiku lachitatu ndinawauza kuti ayambe kuboola khoma lakumsewu kuti tiikepo mawindo aakulu. Anali atangogumula pulasitala ndi njerwa zochepa pamene mayi wojambula mapulani, amene ndinamuitana kuti adzangoyeza, anafika. Anaima, n'kuyang'ana dzenjelo, n'kuyang'ana ine.

“Bambo, chilolezo muli nacho?”

Ndinati nyumbayo ilipo kale, sindikumanga yatsopano.

“Muwauze asiye kaye. Mukhala m'mavuto awiri, ndipo lachitatu ndi khomali kukugwerani.”

Vuto loyamba linali lakuti pa lamulo la Physical Planning Act la 2016, kusintha ntchito ya nyumba kumafuna chilolezo ngati mmene kumanga kumafunira. Holo yosangalaliramo anthu ndi mashopu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale makoma akhale omwewo. Lachiwiri linali la mbiri. Pali lamulo la Monuments and Relics Act loteteza nyumba zakale, ndipo nyumba ikakhala pa mndandanda wa zotetezedwa simuigumula kapena kuisintha mwa inu nokha. Tonse timadziwa Mandala House ya 1882, tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chinamalizidwa mu 1891, ndi holo yakale ya mzinda ya pa Victoria Avenue, koma ine sindinaganizepo kuti ndi bwino kufunsa za nyumba ya kanema. Tinalemba kalata ku nthambi ya boma yoona zinthu zakale, titaikamo zithunzi. Yankho linali lakuti holoyo sili pa mndandanda, koma anatipempha kuti nkhope yake yakumsewu tiisunge mmene ilili ndipo tijambule zithunzi za m'kati tisanasinthe. Ndinavomera monyinyirika. Dzenje lija tinalitseka ndi ndalama zanga.

Panali mantha enanso amene aliyense wochita bizinesi m'tauni ya Blantyre amawadziwa: nyenyezi yofiira, chizindikiro chija chimene chinayamba nthawi ya Kamuzu chopakidwa pa nyumba zakutha kuti zikonzedwe kapena zigwetsedwe. Sindinkafuna kuthira ndalama m'nyumba yoti mawa ndidzaipeze ili ndi nyenyezi. Choncho tinaitana injiniya wa zomangamanga kuti alembe lipoti. Anatha masiku awiri akugogoda makoma, akukwera m'denga, akukumba m'mbali mwa maziko. Maziko anali bwino. Zitsulo za denga zinali ndi dzimbiri m'mapeto mokha. Koma anandifotokozera chimene chinkamuopsa mayi uja: makoma a holo ndi aatali kwambiri ndipo alibe makoma ena opingasa owagwira, amadalira nsanamira zomangidwira m'kati mwake ndi denga. Ukaboola pamalo olakwika wafooketsa khoma lonse. Anatilembera ndi choko malo atatu okha oti tingaboole, paliponse ndi mtanda wa konkire pamwamba.

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatichitira kafukufuku amene injiniya sakanatha. Mvula itagwa masiku angapo osakata, ndinapita kukaona, n'kupeza madzi atadikha kutsogolo kumene kunali chinsalu, ofika m'mawondo. Mipaipi yotsitsa madzi a padenga inali yobisika m'makoma ndipo inali itatsekeka ndi zisa za nkhunda. Madzi onse ankatsikira m'kati n'kutsata kutsetsereka kuja. Pa zimene anthu anaona ku Chilobwe ndi ku Soche sabata imeneyo, langa silinali vuto loti n'kudandaula nalo pagulu, koma linasintha mapulani: mipaipi yonse inatuluka panja, ndipo kumunsi tinaikako ngalande.

Kutsetsereka kumeneku ndi kumene kunatidyera nthawi yambiri yoganiza. Kuchokera pakhomo kufika pa chinsalu, pansi pankatsika pafupifupi mita imodzi ndi theka. Nyumba ya kanema anaimanga kuti munthu wakumbuyo aone pamwamba pa mutu wa mnzake, kuti kuwala kusalowe, ndi kuti aliyense ayang'ane mbali imodzi. Shopu imafuna zotsutsana ndi zonsezi. Ine ndinkati tingothira dothi mpaka palingane. Injiniya anawerengetsa malole a dothi ndi miyala, n'kundiuzanso kuti dothi lochuluka chotero lidzakankha makoma akumunsi, omwe sanamangidwe kuti atchinge dothi. Mayi wa mapulani ndiye anabwera ndi nzeru: tigawe pansipo masitepe atatu aakulu ngati migula ya m'munda wa m'phiri, sitepe iliyonse ikhale ndi mashopu anayi, awiri uku awiri uku, ndipo njira ya pakati isiyidwe yotsetsereka pang'onopang'ono kuti njinga ya olumala ndi wilibala ya katundu zizidutsa. Dothi linachepa ndi theka. Kuti kuwala kulowe, pamwamba pa njirayo tinaika mzere wa malata oonekera, ndipo makoma a mashopu sanafike kudenga kuti mpweya uziyenda. Tsiku limene amisiri anachotsa malata oyamba, dzuwa linagwera pansi pa holoyo koyamba chiimangireni, fumbi likuvina m'kuwalako. Aganyu anasiya ntchito n'kumangoyang'ana.

Za denga ndichenjezepo. Mbali ina inali ya malata akale a asibesitosi. Amenewa saswedwa ndi nyundo kapena kudulidwa ndi makina, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo patapita zaka. Tinkawanyowetsa, kumasula misomali, n'kuwatsitsa athunthu, anyamata atavala zotseka pamphuno. Ena ankafuna kuwatenga kukafolera makola a nkhuku. Ndinakana.

Mapulani tinakapereka ku Civic Centre ku Chichiri, pamodzi ndi lipoti la injiniya, kalata ya eni malo, umboni wakuti msonkho wa malo walipidwa, ndi ndalama yowaunikira. Amadutsa m'manja mwa a zamapulani a mzinda, a zaumoyo, a zomangamanga ndi ozimitsa moto komiti isanagamule. Anabwerera kamodzi ndi mafunso omveka: zimbudzi za amuna ndi akazi zikhala kuti, zinyalala zizisungidwa pati, galimoto yotsitsa katundu iziima pati. Kwa ozimitsa moto holoyo inatithandiza yokha, chifukwa nyumba ya kanema imakhala kale ndi zitseko zam'mbali zotsegukira kunja zothawirapo anthu. Tinangozimasula, kuzipaka penti n'kuika zikwangwani. Tinakonza zina zija, tinabwezanso, chilolezo chinatuluka.

Kumanga kwenikweni kunali ngati kumanga kwina kulikonse, kupatula kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tili pakati. Mitengo imene foromani anandiwerengera inangosanduka pepala. Chimene chinandipulumutsa n'chakuti simenti ndi zitsulo zambiri ndinali nditagula kale, poti malondawo ndi anga. Zitseko zachitsulo za mashopu ndi mawaya a magetsi ndi zimene zinandiliza. Mawaya akale onse tinawazula, ena anali okutidwa ndi nsalu. Ndinaonetsetsa kuti shopu iliyonse ikhale ndi mita yakeyake ya ESCOM yogulira mayunitsi. Amene anakhalapo pa nyumba ya lendi ya mita imodzi akudziwa ndewu yake, wa saluni ndi telala sangagawane bilu mwamtendere.

Tsiku lina tikuika pulasitala panafika mdala wina wa jekete lakuda, n'kuima pakhomo nthawi yaitali. Ndinamulonjera.

“Achimwene, kachipinda ka pamwamba kaja mwakagwetsa?”

Ndinati ayi. Anapempha kukwera. Anali munthu amene ankaonetsa kanema m'holomo. Pamakwerero ankapuma kawiri kawiri, koma atalowa m'kachipindako anayamba kuyenda ngati wachokamo dzulo. Anandionetsa pamene panali makina awiri, n'kunena kuti mpukutu umodzi wa filimu unkatha pa mphindi 20 zokha, ndiye ankasuzumira pa kazenera kudikira kadontho koonekera pakona yakumanja kwa chinsalu, kakangotulukira n'kusinthira ku makina enawo anthu osazindikira. Ukachedwa pang'ono, holo yonse malikhweru ndi matukwano. Anandiuza kuti makoma a kachipindako ndi a konkire ndipo chitseko n'chachitsulo chifukwa filimu yakale inkayaka ngati petulo. Anaseka pokumbukira mmene a Censorship Board ankadulira malo opsompsonana, mnyamata ndi mtsikana akungoyandikizana milomo, mwadzidzidzi kwacha ali pa kadzutsa. Ndinali nditakonza zoti kachipindako kakhale kosungiramo matsache. Tsopano ndi ofesi yanga, ndipo pa timazenera tija ndimaona njira yonse ya pakati mpaka kumunsi.

Ntchito itatha a khonsolo anabwera kudzayendera, kufananitsa ndi mapulani, kuona zozimira moto ndi zimbudzi, kenako anapereka chikalata chololeza kuti anthu alowemo. Wochita lendi aliyense amakadzitengera yekha laisensi ya bizinesi yake, ndipo ine ndinakalembetsa ndalama za lendi ku MRA.

Tinatsegula mu 2024. Mashopu anayi apafupi ndi khomo anatha sabata yoyamba. Akumunsi, kumene kunali chinsalu, anakhala miyezi itatu opanda munthu, chifukwa wodutsa mumsewu sawaona, ndipo mawindo aakulu aja ndinaletsedwa. Ndinatsitsa lendi yake n'kusiya kufuna ogulitsa zovala kumeneko. Ndinaikako anthu amene kasitomala amachita kuwalondola ngakhale abisale: telala, wokonza mafoni, saluni, ndi wosindikiza mapepala. Anthu opita kwa iwowa amadutsa pa mashopu ena onse, ndiye apakati nawonso anayamba kugulitsa.

Kazenera kogulitsira matikiti pakhomo paja ndinkafuna kukatseka ndi njerwa, koma kanali mbali ya nkhope yakumsewu imene ndinalonjeza kusaisintha. Mtsikana wina anadzakapempha kuti azichitiramo Airtel Money ndi Mpamba. Kali ndi zitsulo zake zakale ndi kabowo kopatsirana ndalama, sitinasinthe chilichonse kupatula loko. Pa kukula kwake, ndi kamene kamalipira lendi yokwera kuposa malo ena onse m'nyumbamo, ndipo kumapeto kwa mwezi mzere wake umafika pamsewu.

Chatsala ndi khonde la m'mwamba, kumene kunkakhala a matikiti odula. Injiniya anati likhoza kunyamula anthu koma osati matumba a katundu, ndipo ozimitsa moto akufuna makwerero achiwiri tisanalitsegule. Ndalama ya makwererowo sinapezeke. Mipando 40 imene inali yabwinoko tinaisanja kumeneko, ndipo mdala uja akabwera m'tauni amakwera n'kukhala pa mzere woyamba, akudya chinangwa chake, akuyang'ana kumunsi kwa telala.