Miyendo ya nkhuku ya mandimu mu uvuni: ulendo wachitatu

Lero ndayesanso, ndipo khungu latuluka lofiirira, louma bwino ngati la nkhuku ya pachiwaya. Maulendo awiri oyamba aja zinali zochititsa manyazi.

Ulendo woyamba ndinafinyira mandimu atatu pa miyendo isanu ndi umodzi n'kuigoneka mufiriji usiku wonse. Kunja kwa nyama kunayera mbee ndisanaiike n'komwe pamoto, chifukwa asidi wa mandimu amayamba yekha kuiphika. Itapsa inali yowawasa, khungu lili lendelende. Wachiwiri ndinaunjika miyendo m'thireyi yaying'ono, madzi ake anadzaza pansi, ndiye inangowira m'malo mowotcheka.

Lero ndasintha zinthu. Ndinapukuta mwendo uliwonse ndi kansalu koyera mpaka kuuma, n'kuwaza mchere. Khoko la ndimu ndinalipala pa gireta, lakunja lokhalo, poti choyera chamkaticho chimawawa. Ndinasakaniza ndi adyo wosinja, thyme, rosemary wodula tizidutswa (awiriwa ndi masamba onunkhiritsa chakudya), ndi masupuni awiri a mafuta ophikira. Zonsezi ndinazilowetsa ndi chala kunsi kwa khungu. Adyo ukamusiya pamwamba amapserera uvuni usanamalize ntchito yake, n'kuwawitsa nyama yonse.

Uvuni ndinautenthetsa kaye kufika madigiri 200. Miyendo ndinaiyala motalikirana, khungu kumwamba, pansi pake mbatata ya kachewere yoduladula kuti izimwa mafuta. Patatha mphindi 45 ndinabaya pafupi ndi fupa, madzi anatuluka oyera opanda magazi. Amene muli ndi choyezera kutentha, mkati mwa nyama muzifika madigiri 75. Madzi a ndimu ndinafinyira pomaliza, nyama itapuma mphindi 10 kunja kwa uvuni.

Rosemary ndinachulutsa pang'ono. Kanthambi kamodzi kakanakwana, fungo lake limapondereza la mandimu. Bambo a kunyumba kuno sanadandaule, koma anafunsa kuti msuzi wodyera nsima uli kuti, ndiye ndinathira timadzi totentha m'thireyi muja, n'kukokota zomatirira pansi, n'kuponyamo kambuzi mmodzi. Anamaliza mitanda itatu.

Zonsezi ndi za nkhuku yoyera ya m'shopu. Ya chikuda ndi yolimba, mphindi 45 singafewe. Sabata yamawa ndiyesa yachikudayo, ndiyambe ndaivundikira pa moto wochepa, kenako ndivundukule kuti khungu lifiire. Bola magetsi asazime pakati.