Zoyenera Kudziwa Pogula Condo ku Beacon Hill

Dera la Beacon Hill mumzinda wa Boston ku America limandikopa chifukwa cha nyumba zake za njerwa zofiira, nyali za gasi za m'misewu, komanso State House, nyumba ya malamulo ya boma la Massachusetts, imene pulani yake inajambulidwa ndi Charles Bulfinch ndipo inamalizidwa mu 1798. Komabe wogula condo (chigawo cha nyumba imodzi yokhala ndi eni angapo) kumeneko ayenera kudziwa kuti zake ndi zipinda zokha, pamene denga, makoma akunja ndi masitepe ndi za eni onse pamodzi, ndipo aliyense amasonkha ndalama mwezi ndi mwezi zosamalira zimenezi.

Kuyambira mu 1955 derali ndi lotetezedwa ndi lamulo, choncho chilichonse chooneka kuchokera mumsewu, kaya zenera, chitseko kapena penti wake, sichisinthidwa popanda chilolezo cha komiti yoyang'anira maonekedwe a nyumba yotchedwa Beacon Hill Architectural Commission. Lamuloli ndimagwirizana nalo ndi mtima wonse, chifukwa ndilo lasunga kukongola kwa malowa, ngakhale kuti limakweza mtengo wa ntchito yokonza. Nyumba zambiri zili ndi eni owerengeka chabe, motero denga likayamba kudontha pamene thumba la ndalama zosungidwa lili lochepa, aliyense amalipiritsidwa ndalama zambiri nthawi imodzi. N'chifukwa chake ndimaona kuti kuwerenga malipoti a ndalama a bungwe la eniwo n'kofunika kuposa kusirira khitchini yatsopano.

Wogulitsa ayeneranso kupereka satifiketi ya 6(d) yotsimikizira kuti alibe ngongole ku bungweli. Amene ali ndi mwana wosakwana zaka 6 aonetsetse za penti wokhala ndi mtovu, yemwe amapezeka m'nyumba zomangidwa 1978 isanafike. Malo oimika galimoto ndi osowa kwambiri, ndipo akapezeka amagulidwa padera pamtengo wokwera.