Tsopano ndamvetsa chomwe dokotala uja anayambanirana ndi nduna zake

Abale inu, usiku wa dzana ndinagona mochedwa koma mtima uli myaa, chifukwa chinthu chomwe chakhala chikundizunguza mutu chiyambire teremu yatha chamasuka tsopano. Ndikunena za Cabinet Crisis ya 1964 ija, mkangano wa Dr Hastings Kamuzu Banda ndi nduna zake Malawi itangolandira ufulu. Zifukwa zake ndakhala ndikuziloweza ngati vesi la ku Sande sukulu, tiki (kandalama kolipira kuchipatala), lipoti la Skinner la malipiro a ogwira ntchito m'boma, nkhani yokana ubale ndi China, ubale ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique, kuchedwa kupereka maudindo a m'boma kwa anthu akuda, zonsezi ndimazitchula ngakhale mutandidzutsa pakati pa usiku. Koma mukanandifunsa kuti nanga zinatheka bwanji kuti anthu amene ena a iwo anakhalira limodzi m'ndende ya Gwelo ku Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero) mu 1959, anthu amene anavinira limodzi ufulu pa 6 July 1964, afike pothamangitsana patangotha miyezi iwiri yokha, ndikanangoti kakasi.

Chomwe chinachitika ndi ichi. Magetsi anathima cha m'ma 7, foni yatsala pang'ono kuzima, ndiye ndinangotenga kalendala yakale ya pakhoma n'kuitembenuza kuseri koyera kuja, kandulo pambali. Ndimafuna kungolemba zaka motsatana ngati mmene timachitira tonse. Kaya chinandigwira n'chiyani, pambali pa dzina lililonse la atsogoleri a nthawi imeneyo ndinayamba kulemba chaka chobadwa cha munthuyo. Chipembere 1930. Kanyama Chiume 1929. Dunduzu Chisiza 1930. Yatuta 1926. Aleke Banda 1939. Kenako Kamuzu, amene boma linkati 1906 koma olemba mbiri ambiri amati cha m'ma 1898. Ndinayang'ana pepala lija kwa nthawi ndithu, phula la kandulo mpaka kudonthera pa dzina la Chiume ine osaona. Kamuzu anachoka ku Kasungu wapansi cha m'ma 1915, ndiye kuti pa tsiku lomwe amatuluka m'dziko muno palibe ndi mmodzi yemwe mwa anyamatawa amene anali atabadwa. Ngakhale Orton Chirwa, wamkulu pa gulu lija, ndi wa 1919. Pomwe Kamuzu amatera pa Chileka pa 6 July 1958 iye ali ndi zaka pafupifupi 60, amene anamuitanawo Chipembere ndi Chiume anali asanakwane n'komwe 30.

Zoti anali wamkulu tonse timadziwa, sindikunena zimenezo ayi. Chomwe sindinkachiona n'choti zaka zoposa 40 zija sizinali zongodikirira ndege yobwerera kwawo, zinamuumba kukhala munthu wa mtundu wina wake, ndipo mtundu wake ndi dokotala wogwira ntchito yekha. Taonani njira yake. Hartley ku Southern Rhodesia, kugwira ntchito wamba pa chipatala. Kenako kumigodi ku South Africa. 1925 ulendo wa ku America mothandizidwa ndi mpingo wa AME (African Methodist Episcopal), Wilberforce ku Ohio, kenako Indiana, kenako Chicago komwe anamaliza mu 1931, ndipo tamvani izi, digiri yake ya ku Chicago inali ya mbiri ndi ndale, osati ya mankhwala. Udokotala anautenga ku Meharry ku Nashville mu 1937, koma poti pepala la ku America silinkaloledwa m'maiko olamulidwa ndi Angerezi, anakayambiranso ku Edinburgh mpaka 1941. Munthu wa zaka zoposa 40 akadali pa mabuku. Atamaliza amafuna kubwera kudzagwira ntchito kuno, koma zinakanika, ndipo nkhani imodzi yodziwika n'njoti manesi achizungu sankafuna kugwira ntchito pansi pa dokotala wakuda. Ndiye anakhala komweko, Liverpool, North Shields, kenako London kuyambira 1945 mpaka 1953, kenako Kumasi ku Gold Coast.

Apa ndi pomwe mutu wanga unatsegukira. Kuyambira 1941 mpaka 1958 ndi zaka 17, ndipo zambiri mwa zaka zimenezo munthuyu amakhala m'kachipinda kake, wodwala alowa, iye amvetsera, apima, anena matenda, alemba mankhwala, wodwala athokoza n'kutuluka, wina alowa. Wodwala savota kuti amwe mapilitsi angati. Ngakhale achibale a wodwala sachita msonkhano wotsutsa dokotala. Ndipo odwala ake ambiri ku London anali azungu, amene ankamulemekeza, kumuvulira chipewa, pa nthawi yomwe kwawo kuno munthu wakuda amagulira pa windo. Pa zaka zonsezo sanakhalepo m'komiti ya boma, sanakhalepo phungu wamba wongokhala kumbuyo, sanayambe wagonjapo pa mtsutso wa mu Legislative Council, nyumba ya malamulo ya nthawi ya atsamunda, ngati momwe Chipembere ndi Chiume ankalimbanirana ndi atsamunda kuyambira 1956. Ndale ankazichita ndithu, anali pa msonkhano wa Pan-African ku Manchester mu 1945, ankatumiza ndalama ndi malangizo ku chipani cha Nyasaland African Congress, analimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland asanachikhazikitse mu 1953, koma zonsezo amachita ali patali, ngati munthu wopereka uphungu, osati wokhala pa mphasa imodzi ndi anzake n'kumakanganirana.

Ndiye munthu wotereyu mukumupatsa udindo wa nduna yaikulu. Apa ndipamene ambiri timaphonya, chifukwa m'mutu mwathu Kamuzu ndi pulezidenti basi, wa litchowa ndi chipewa chakuda, amayi akuvina momuzungulira. Koma kuyambira 1 February 1963 mpaka 6 July 1966 sanali pulezidenti. Anali nduna yaikulu, mfumukazi Elizabeth ndiye anali mutu wa dziko ngakhale titalandira ufulu, ndipo ku Zomba kunali Sir Glyn Jones ngati bwanamkubwa womuimira. Mu dongosolo la Angerezi lija nduna yaikulu ndi mmodzi mwa nduna, wotsogola inde koma zinthu zimayenera kugwirizanidwa mu kabineti, ndipo mphamvu zake zimatsamira pa aphungu a m'nyumba ya malamulo. Anyamata aja ankadziwa bwino zimenezi, anali ophunzira, ena a ku yunivesite ya Fort Hare ena a ku Makerere, ndipo ankayembekezera kuti ziyenda choncho. Iye ankawaona ngati odwala. Ankawatchula pagulu kuti anyamata anga, ndipo ine kale ndinkayesa ndi mawu achikondi chabe, koma ukaika zaka zobadwa zija pambali umaona kuti iye ankakhulupiriradi zimenezo, ndipo umaonanso mmene zinkapwetekera kwa bambo wa ana ake, nduna ya boma, kumutchula mnyamata pamaso pa anthu a kwawo.

Chomwe chinandikhudza kwambiri n'choti anyamatawo ndi amene anamanga chinthu chimenechi ndi manja awo. Iwo ankadziwa kuti mafumu ndi akuluakulu a m'midzi sangatsatire ana a zaka 27, ndiye anafuna munthu wa imvi, wophunzira kuposa DC, dokotala weniweni, ndipo asanafike n'komwe anayendayenda m'dziko kumutamanda ngati mpulumutsi. Zinagwira ntchito, mwina mopitirira muyeso. Pa msonkhano wa ku Nkhata Bay mu August 1958 anamusankha kukhala mtsogoleri wa Congress n'kumupatsanso mphamvu zosankha yekha akuluakulu a chipani. Ganizani zimenezo. Zaka 6 Crisis isanachitike mpeni anali atamupatsa kale m'manja. Ndiye pofika pa 7 September 1964 pomwe anachotsa Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo, ena ngati Yatuta ndi Willie Chokani n'kutula pansi okha, Chipembere n'kubwera kuchokera ku Canada kudzawatsatira, iye anangopita ku nyumba ya malamulo kukapempha voti yomukhulupirira ndipo anaipeza, chifukwa aphungu aja ndi anthu akumidzi anali ataphunzitsidwa ndi anyamata omwewo kuti dokotala salakwa.

Ine ndikuti njira iyi yolemba zaka zobadwa pambali pa mayina ndi imene aliyense wophunzira mbiri akuyenera kuyamba nayo, ndipo ndikunenetsa. Siyani kaye kuloweza ma points. Tengani pepala lalikulu, osati kope, pepala loti zonse zioneke nthawi imodzi, lembani anthu onse a mu topic ndi chaka chobadwa, kenako pa chochitika chilichonse werengerani kuti aliyense anali ndi zaka zingati. Mudzaona kuti Aleke anali ndi zaka 20 pomwe amayambitsa MCP ndi Orton mu 1959. Mudzaona kuti Dunduzu anafa pa ngozi ya galimoto ija mu September 1962 ali ndi zaka 32 zokha, munthu amene mwina akanatha kuima pakati pa mbali ziwirizi. Ine ndikukhulupirira kuti palibe topic ya mbiri yomwe singatseguke ndi njira imeneyi, ndayamba kale kuichita pa Chilembwe ndipo mawa ndiyesa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse.

Chomwe chimandiwawa n'choti zinatengera kuthima kwa magetsi kuti ndione chinthu chomwe aphunzitsi akanatha kutionetsa pa bolodi kwa mphindi 10. Kalasi yathu ndi ya madzulo, ambiri timakhala tachokera kuntchito, tatopa, ndiye aphunzitsi amangofika n'kuyamba kuwerenga manotsi ife n'kumakopera. Moyo wonse wa munthuyu kunja, zaka 40 ndi kuposa, anaumaliza m'mizere itatu, anapita ku South Africa, anaphunzira ku America ndi ku Scotland, anabwera mu 1958. Nditafunsa kuti nanga kumeneko ankakhala bwanji, yankho linali loti zimenezo sizibwera pa mayeso. Mwina sizibweradi. Koma funso la chifukwa chake nduna zinagalukira limabwera, ndipo tingaliyankhe bwanji ngati munthu wake sitikumudziwa? Sindikuwada aphunzitsiwo, nawonso silabasi ikuwathamangitsa, buku lenileni m'kalasi monse lilipo limodzi timachita kulandirana ngati chikho cha madzi pamaliro. Koma zimapweteka kuti teremu yonse yapita ndikungoloweza, ndipo mayeso atsala masabata ochepa, ma topic ena sindinawakhudze n'komwe.

Nkhani ya tiki ija ndiye imandisowetsa mtendere mwapadera. Agogo anga aakazi anaiona nthawi imeneyo, ndipo nditawafunsa Lamulungu lapitali anaika pansi lichero lawo n'kundionetsa ndi chala kukula kwake kwa kandalamako, kakang'ono ngati batani la malaya, n'kunena kuti ankakamanga pa ngodya ya chitenje mfundo ziwiri kuopa kuti kangagwe panjira yopita kuchipatala. Kandalama ka mapeni atatu. Kwa ife lero n'kopanda pake koma kwa mayi wa kumudzi amene amayembekezera kuti ufulu ubweretsa mpumulo, kanali nkhani yaikulu, ndipo nduna zija zinkamva madandaulo amenewa kwawo. Tsono amene anabweretsa tikiyo ndi dokotala yemwe ku Liverpool ankadziwika kuti amathandiza osauka ulere, yemwe anali ku London pomwe NHS, dongosolo la zaumoyo la boma la Britain, imayamba mu 1948 anthu n'kuyamba kuonana ndi dokotala osalipira. Ndayesa kuziika mu ganizo langa lija, kuti dokotala amapereka mankhwala owawa chifukwa akuona kuti thumba la boma ndi lodwala, poti bajeti yathu nthawi imeneyo inkadalira thandizo la Britain. Zikumveka ndithu koma sizikundikhutitsa kwenikweni.

Ndipo mnzanga wina wa m'kalasi nditamufotokozera zonsezi dzulo anandifunsa funso lomwe landikhala pakhosi. Anati ngati vuto linali udokotala, nanga bwanji Gro Harlem Brundtland wa ku Norway, nayenso dokotala, anakhala nduna yaikulu katatu konse kuyambira 1981, akagonja amachoka mwamtendere, osathamangitsa munthu, mpaka anakatsogolera WHO mu 1998? Ndinalibe choyankha. Mwina si udokotala wokha, mwina ndi udokotala kuphatikiza msinkhu, kuphatikiza zaka 40 za kukhala wekha kudziko la eni mpaka kufika poyankhula ndi anthu ako kudzera mwa womasulira, kuphatikiza dziko lomwe linalibe makhoti ndi nyuzi zolimba zoti n'kumuletsa. Ndiponso ndikuopa kuti ganizo langali lingamveke ngati ndikumupezera chowiringula, pomwe zomwe zinatsatira si zazing'ono, Chipembere anafera kunja mu 1975, Yatuta anaphedwa mu 1967, Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, ndi anthu wamba osawerengeka amene anatsekeredwa popanda mlandu. Kumvetsa mmene munthu anaumbidwira sikufafaniza zimenezo, ndipo pa mayeso ndiyenera kusamala mmene ndilembere.

Chomwe ndikulimbana nacho panopa n'choti kodi Chipembere ndi Chiume pomwe amalemba makalata omuitana Kamuzu aja ankaona kuti zingadzafike apa n'kungolimba mtima poti chitaganya chinali mdani wamkulu, kapena ankakhulupiriradi kuti nkhalamba ija idzangokhala chithunzi iwo n'kumayendetsa zinthu. Pepala langa la zaka zobadwa silikuyankha limenelo. Ndalipachikabe pakhoma pamwamba pa tebulo, dontho la phula lili pomwepo pa dzina la Chiume, ndipo pansi pake ndalemba funso lija ndi pensulo, kaya ndidzalipezera yankho mayeso asanafike kaya ayi.