Nshawa za ku Chadiza

Lero Lachitatu kapito yanga yatsala pang'ono kulowa m'madzi. M'mawa ndikutsegula kantemba kanga pafupi ndi msika wa Kapata ku Chipata, abambo ena afika ndi Canter kuchokera ku Chadiza, akuti matumba 15 a nshawa zosenda kale, mtengo wogwa, koma ndilipire manje manje chifukwa ena aku Lusaka akuwadikira. Nkhani ya "ena akudikira" imeneyi ndi imene imandizunguza mutu nthawi zonse, foni inali kale m'manja, Airtel Money nditatsegula.

Kugwira wekha bizinesi kuipa kwake palibe okufunsa kuti "iwe waganiza bwino?" Mutu ndi umodzi womwewo, ukakondwa basi wagula. Chaka chatha ndinagula soya mwa phuma lomweli, ndinalira mpaka nthawi ya Nc'wala. Kuyambira pamenepo ndinadziikira lamulo, katundu wodutsa theka la kapito sindilipira ndisanalembe m'buku komanso ndisanaimbire munthu mmodzi.

Ndiye ndinakhala pa kreti nkulemba, mtengo, onyamula, lendi ya mwezi uno, ndalama yotsala ngati katundu wakhala milungu itatu osayenda. Yotsala inali yogulira tokotaimu basi. Kenako ndinaimbira azakhali amene agulitsa nshawa ku Saturday Market kuyambira ine ndili mwana. Sanafunse ngakhale mtengo, anangoti "mwanawe pisa dzanja pansi pa thumba, osati pamwamba, ulume imodzi."

Zapamwamba zinali zouma bwino, kuluma zikuti khwa. Zapansi zofewa ngati zophika, kafungo ka chuku kakumveka patali. Anthu ena amawaza madzi pa makoko kuti kusenda kuphweke, komanso thumba limalemerako pa sikelo, koma chinyezi chimenecho ndiye chimabweretsa chuku chija chotulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo ogula opanga peanut butter akaona zotere amabweza katundu yense. Ine ndikanaziyanika kuti, pa kakhonde kanga aka?

Ndawauza abambo aja kuti nditenga matumba atatu okha, osankha ndekha, titakhuthula pa tenti. Anakwiya, akuti ndawatayitsa nthawi, koma anavomera awiri. Enawo ndawaona akutsitsidwa kwa mnzanga wapatsidya pa msewu, ndinamukodola kuti apise dzanja pansi, iye anangondiseka nkupitiriza kuwerenga ndalama.

Awiri anga ali pa dzuwa, mawa ndiwayezanso ndione makilo angati atsala.